Mutu ukakula sulewa nkhonya

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Akuluakulu amanena mawu amenewa kwa munthu amene wangolowa kumene ufumu, kapena kwa mwinimbumba amene wayamba kudandaula kuti choipa chilichonse cha pamudzi chikugwera iye yekha. Sakhala akumuopseza ayi. Amakhala akumuuza mtengo wa mpando umene wakhalapowo. Muphwa wako akaba mbuzi, odandaula afikira pakhomo pako. Maliro akagwa pakati pa usiku, wodzutsidwa ndiwe. Chitsime chikaphwa, anthu abwera kudzafunsa iwe, ngakhale akudziwa kuti mvula sugwetsa ndiwe. Kukula ndi kuvomera kukhala poyera, pamene aliyense wopsa mtima akudziwa kuti akupeza.

Phindu lalikulu la chisankho cha mzinda, m'kuona kwanga, lagona pomwepa. Malonjezo ambiri a pamisonkhano amapita ndi mphepo, ndipo ovota amadziwa zimenezo asananyamuke n'komwe pakhomo. Chimene amaimira pamzere ndi choti pamapeto pake pakhale munthu wodziwika dzina ndi nkhope, woti mpopi ukauma kapena zinyalala zikaunjikana pamsika, akamupeze n'kumufunsa. Mzinda wa Johannesburg, umene ife timangoti Joni, unavota pa 1 Novembala 2021. Zotsatira zake zinabala chinthu chimene eni mwambiwu sanachiganizire: mpando waukulu wokhalapo mitu yosinthanasinthana, moti nkhonya ikamafika, woyenera kuilandira amakhala atanyamukapo kale.

M'mizinda ikuluikulu ya ku South Africa, wovota amapatsidwa mapepala awiri. Lina amasankhira khansala wa dera lake, linalo amasankhira chipani. Khonsolo ya Joni ili ndi mipando 270. Mwa iyo, 135 ndi ya makhansala a madera, ndipo 135 inayo imagawidwa kwa zipani m'njira yoti chiwerengero chonse chifanane ndi mavoti amene chipani chilichonse chapeza. Meya, mfumu ya mzinda, savoteredwa ndi anthu mwachindunji. Makhansala ndiwo amasankha mmodzi mwa iwo, ndipo chipani chofuna kulamula chokha chiyenera kukhala ndi mipando 136. Palibe chimene chinayandikirako. ANC, imene inalamula mzindawu kuyambira pamene tsankho linatha mpaka 2016, inapeza 91. DA inapeza 71. ActionSA, chipani chatsopano cha a Herman Mashaba, inatenga 44, EFF 29, Patriotic Alliance 8, IFP 7, ndipo yotsalayo inamwazikira tizipani ta mipando inayi, itatu, iwiri ndi umodzi.

Pa 22 Novembala makhansala anasankha mayi Mpho Phalatse a DA, omwe ndi dokotala, ndi mavoti 144, pomwe a Mpho Moerane a ANC anapeza 121. Anali mayi wachikuda woyamba kukhala meya wa Joni. Koma ena mwa mavoti amene anawakweza anachokera ku EFF, chipani chosamwera madzi limodzi ndi DA pa nkhani iliyonse, chimene chinangofuna kutsekereza ANC. Mayiwa kenaka anasonkhanitsa zipani zingapo n'kupanga mgwirizano, ndipo unakhalako miyezi khumi. Kumayambiriro kwa Seputembala 2022 sipikala wa khonsolo, a Vasco da Gama a DA, anachotsedwa, ena mwa anzawo a mumgwirizano atavotera mbali inayo. Mpando wa sipikala unapita kwa mayi Colleen Makhubele a COPE, chipani cha khansala mmodzi yekha. Pa 30 Seputembala a Phalatse nawo anachotsedwa, n'kulowa a Dada Morero a ANC. A Morero anakhalapo masiku 25 okha, chifukwa pa 25 Okutobala bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti msonkhano umene unachotsa a Phalatse sunatsatire malamulo. Mayi aja anabwerera, n'kudzachotsedwanso pa 26 Januwale 2023.

Zimene zinachitika m'mawa mwake ndi zimene ndimaziganizira kwambiri. ANC ndi EFF zinali zitagwirizana kuti DA ichoke, koma panalibe chipani chimene chinalola kuti chinzake chitenge umeya. Choncho anapita kwa Al Jama-ah, chipani cha mipando 3 mwa 270, n'kuveka tcheni cha umeya a Thapelo Amad. Sanathe miyezi itatu. Anatula pansi udindo mu Epulo, atalankhula pa wailesi yakanema za ngongole ya R9.5 biliyoni imene analephera kuifotokoza bwinobwino. Mu Meyi anaikapo mnzawo wa chipani chomwecho, a Kabelo Gwamanda. Nthambi za khonsolo, monga ya chuma, ya chitetezo, ya misewu ndi ya nyumba, anazigawana a zipani zazikuluzo ndi anzawo a mumgwirizano, ndipo thumba la ndalama linali m'manja mwa a Morero omwe aja. Mu Ogasiti 2024 a Gwamanda anatula pansi, a Morero n'kubwereranso pampando. Chisankho chimodzi, zaka zosakwana zitatu, umeya unaperekedwa kasanu ndi kamodzi kwa anthu anayi.

Sindikunyoza zipani zazing'ono. Munthu wa chipani cha mipando itatu akhoza kukhala wanzeru ndi wolimbika kuposa onse a m'chipindamo. Vuto ndi cholinga chimene anawaikirapo. Zinali ngati malume awiri amene alimbirana ufumu, ndiye agwirizana zokhazika pampando mwana wa mlongo wawo, iwo n'kumaweruza milandu kuseri kwa nyumba. Anthu akabwera ndi madandaulo, akumana ndi mwanayo, amene alibe mphamvu yosintha kanthu. Akafuna eni mphamvuwo, awauza kuti mfumu si iwo. Mitu ikuluikulu inapeza njira yodyera zabwino za ukulu koma nkhonya n'kumazilewa, ndipo zonsezi zinachitika motsatira malamulo, pamaso pa atolankhani, mavoti akuwerengedwa.

Chilungamo chikufuna kuti ndinenenso kuti kusinthasintha kwina sikunali kufuna kwa munthu. A Mashaba atatula pansi udindo wa umeya mu 2019, analowa a Geoff Makhubo, omwe anamwalira ndi Covid-19 mu Julayi 2021. A Jolidee Matongo omwe anawalowa m'malo anafa pa ngozi ya galimoto mu Seputembala chaka chomwecho, atangokhala mwezi umodzi ndi masiku owerengeka. Mzindawu unafika pa chisankho cha Novembala uli wamasiye kale. Chifukwa chake makhansala atsopanowo anayenera kuugwira ndi manja awiri.

Pamene m'chipinda cha khonsolo ku Braamfontein ankawerengerana mipando, kunja mzinda wa anthu 4.8 miliyoni unkafuna madzi m'mawa uliwonse. Madzi a ku Joni amachokera ku damu la Vaal. Bungwe la Rand Water limawayeretsa n'kuwagulitsa ku Johannesburg Water, kampani ya khonsolo, ndipo oposa 40 pa 100 alionse amatayika m'mapaipi ophulika kapena salipiridwa. Mu Malichi 2024, magetsi atavuta pamalo opopera madzi a Eikenhof, madera ena anatha sabata yoposa imodzi mipopi ili gwa, anthu akudikira magalimoto a mathanki ndi zigubu m'manja. Pa 19 Julayi 2023 mpweya unaphulika pansi pa msewu wa Lilian Ngoyi, umene ambiri amautchulabe kuti Bree, pakatikati pa tauni. Phula linang'ambika, maminibasi anagubuduzika, munthu mmodzi anafa ndipo ena ambiri anavulala. Msewuwo unakhala wotsekedwa zaka ziwiri. Mu Malichi 2025 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anafika iye mwini kukhonsoloko n'kunena poyera kuti maonekedwe a mzindawu sanamusangalatse, poti msonkhano wa G20 unali kudzachitikira komweko mu Novembala.

Paipi yokwiriridwa zaka makumi asanu zapitazo siisinthidwa ndi mawu. Pamafunika kuyeza, kuika ndalama mu bajeti, kuitana makontilakitala, kukumba, kuyang'anira ntchito ndi kulipira, ndipo zonsezi zimadya zaka zitatu kapena zinayi. Meya akasintha, amasinthanso makhansala oyang'anira nthambi, nthawi zambiri ndi mabodi a makampani a khonsolo omwe. Injiniya wa ku City Power, kampani ya magetsi ya khonsolo, kapena wa ku Johannesburg Water amene wauzidwa chaka chino kuti ayambe ntchito yakutiyakuti amadziwa kuti chaka chamawa wina akhoza kudzamufunsa chifukwa chimene anayambira. Wochenjera amangodikira. Khonsolo ya bajeti yoposa R80 biliyoni pachaka ikhoza kukhala ndi ndalama, akatswiri ndi malamulo abwino, koma n'kusowa munthu woti anene kuti ntchito iyi ndi yanga ndipo ndidzakhala ndilipo pamene idzathe.

Ku Marshalltown, pa nambala 80 mumsewu wa Albert, pali nyumba ya nsanjika zisanu imene mwini wake ndi khonsolo ya Joni. Inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950 ngati ofesi ya mapasi. Munthu wachikuda wofuna kukhala kapena kugwira ntchito m'tauni ankaima pamzere pamenepo, ndipo wokanidwa ankamudindira kuti atuluke mumzinda pasanathe maola 72. Tsankho litatha, khonsolo inabwereketsa nyumbayi ku bungwe la Usindiso kuti ikhale kothawira amayi ndi ana ozunzidwa. Pofika 2019 ntchito imeneyo inali itatha, ndipo nyumbayo inali m'manja mwa anthu otolera lendi popanda chilolezo cha mwini wake. Chaka chomwecho apolisi analowamo n'kumanga anthu oposa 100, ambiri a iwo obwera. Atachoka, nyumbayo inadzazanso.

Ambiri mwa okhalamo anali abale athu Amalawi. Njira ya ku Joni ndi yakale kwa ife. Agogo athu anaiyenda ndi Wenela mpaka 1974, pamene ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo pambuyo pake ena anaiyendanso ndi Teba. Lero adzukulu awo amakwera basi ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mangochi kapena ku Mzimba, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, n'kukatsikira pafupi ndi Park Station. Wofika kumene sakhala ndi ndalama ya chikole cha fulati, ndipo eni mafulati amafuna mapepala ndi umboni wa malipiro. Amene akumulandira ndi msuweni kapena mnzake wa kumudzi, ndipo kumene akugona msuweniyo ndi kumene agonenso iye. Nyumba ya m'tauni, ngakhale ikhale yoipa bwanji, ili pafupi ndi maganyu, pafupi ndi msika, ndipo siifuna ndalama ya minibasi m'mawa ndi madzulo. Munthu wotumiza kangachepe kumudzi mwezi uliwonse amawerengera zonsezi.

M'kati mwa nyumba ya Usindiso, zipinda zimene kale zinali maofesi zinagawidwagawidwa ndi matabwa ndi mabolodi, moti pansanjika imodzi pankakhala tizisakasa tambirimbiri togundana makoma. Magetsi anali olumikiza mwachinyengo, mawaya akulendewera pamwamba pa tinjira. Akathima, anthu ankayatsa makandulo ndi kuphikira pa masitovu a palafini. Mapaipi amene anaikidwa kuti azizimitsira moto ndiwo ankatungapo madzi akumwa ndi ochapira. Pofuna kudziteteza kwa akuba, okhalamo anaika zipata zachitsulo m'makonde ndi pamasitepe, zokhoma ndi loko usiku, ndipo makomo othawira pangozi anali otsekeka. Chilichonse mwa izi chinali ndi chifukwa chake chomveka kwa munthu wosauka wofuna kuona mawa. Zonse pamodzi zinali msampha, ndipo kuona zonse pamodzi ndi ntchito ya mwini nyumba ndi oyendera nyumba a khonsolo.

Moto unabuka cha m'ma 1 koloko usiku wa pa 31 Ogasiti 2023. Othawira pansi anakapeza chipata chokhoma, ndipo matupi ambiri anapezeka ataunjikana pamenepo. Ena anamangirira mabulangete ndi nsalu pamawindo n'kutsika nazo. Ena anaponya ana awo kwa anthu amene anali mumsewu, iwo n'kudumpha pambuyo. Kutacha, mabulangete aja anali akulendewerabe pamakoma akuda ndi utsi. Anafa anthu 76, ndipo 12 mwa iwo anali ana. Mwa amene anazindikiridwa, 23 anali a ku South Africa komweko, 20 Amalawi, 6 a ku Zimbabwe, 4 a ku Mozambique ndi 4 a ku Tanzania. Ena 19 sanazindikirike. Masabata otsatira, Amalawi a ku Joni anasonkherana ndalama monga amachitira maliro akagwa kuchilendo, ndipo kumudzi mabanja anakhala pamaliro akudikira uthenga wa pafoni.

M'mawa wa tsikulo akuluakulu a mzinda anafika pamalopo n'kuima kutsogolo kwa makamera. Ena analoza chala obwera opanda mapepala. Ena analoza mabungwe omenyera ufulu wa anthu, kuti ndiwo amathamangira kukhoti khonsolo ikafuna kutulutsa anthu m'nyumba zoterezi. A chipani ichi anati vutoli analisiya a chipani icho, ndipo a chipani icho anabweza mawu omwewo. Zowawa n'zakuti aliyense anali ndi kachigawo ka choonadi. Kuyambira 2019 pamene apolisi analowa m'nyumbamo mpaka usiku wa motowo, pampando wa meya panali patakhala anthu a DA, a ANC ndi a Al Jama-ah. Aliyense akanatha kunena kuti anaipeza ili choncho, ndipo anachoka asanaifikire.

Nduna yaikulu ya chigawo cha Gauteng, a Panyaza Lesufi, anakhazikitsa komiti yofufuza yotsogozedwa ndi mayi Sisi Khampepe, omwe kale anali woweruza wa bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko. Bambo wina anamangidwa pomuganizira kuti ndiye anayatsa motowo. Koma komitiyo sinalekere pa woyatsa. Lipoti lake loyamba, limene linatuluka mu Meyi 2024, linati khonsolo ndi kampani yake yoyang'anira nyumba, Johannesburg Property Company, ankadziwa za mmene nyumbayo inalili kuyambira cha m'ma 2019, ndipo sanatsatire malamulo awo omwe okhudza moto, madzi, magetsi ndi zinyalala. Linati akanawatsatira, ngoziyo sikanafika pamene inafika. Patangotha miyezi itatu lipotilo litatuluka, meya anasinthidwanso.

Apa m'pamene mwambi uja ndinayamba kuumva mwa mtundu wina. Kale ndinkautenga ngati chitonthozo cha atsogoleri, mawu owalimbitsa mtima kuti apirire ponenedwa. Koma eni ake ankadziwa chinthu china chimene sananene: nkhonya ikaponyedwa siibwerera. Wamkulu akailewa, imakagwera amene waima kumbuyo kwake, ndipo kumbuyo kwa wamkulu kumaima ana, alendo ndi osauka. Mfumu ikalandira mkwiyo wa mudzi chifukwa cha chitsime chophwa, mkwiyowo umasanduka ntchito yokumba china. Meya akanakhala kuti ankaopa kufunsidwa za nyumba ya pa Albert Street chaka ndi chaka, ndi anthu omwewo, pamaso pa atolankhani omwewo, loko wa pachipata chija akanamusowetsa tulo. Kulandira nkhonya ndi ntchito imene wamkulu amagwirira anthu ake, ndipo ku Joni ntchitoyo inasowa woigwira.

Za mabungwe amene anawaloza chala aja, malamulo ake ndi omveka. Bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula pa mlandu wa Olivia Road mu 2008 ndi wa Blue Moonlight mu 2011, yonse iwiri yokhudza Joni yemweyu, kuti khonsolo siingangotaya anthu mumsewu. Iyenera kukambirana nawo, ndipo amene akasowe kolowera iwapezere pogona pongoyembekezera. Khoti silinaletse kutulutsa anthu m'nyumba yoopsa. Linangoti konzani kaye kumene apite. Kukonza kumeneko kumafuna nyumba zina, ndalama ndi kuleza mtima kwa zaka zingapo, ndipo phindu lake limadzaoneka nthawi ya wina. Meya amene sakudziwa ngati afike Khirisimasi ali pampando amasankha zooneka msanga: kulowa m'nyumba ndi apolisi m'mamawa, kumanga opanda mapepala, kujambulitsa, n'kuchoka. Anthu amene anapulumuka ku Usindiso anasungidwa kaye m'maholo, kenaka ambiri anawasamutsira m'zisakasa za malata ku Denver, ndipo ena opanda mapepala anawatengera ku Lindela, kumene amasungira oyembekezera kubwezedwa kwawo.

Pali magulu awiri a anthu amene dzina lawo silioneka pa zotsatira za chisankho, koma zotsatirazo ndi zawo. Loyamba ndi la amene ali ndi ufulu wovota koma anakhala pakhomo. Mu 2021, m'dziko lonse la South Africa, olembetsa amene anavota anali pafupifupi 46 pa 100 alionse, ndipo ANC kwa nthawi yoyamba inatsika pansi pa theka. Ambiri mwa otsalawo sanali aulesi. Anali otopa ndi chipani chimene anachikonda, koma osakonzeka kupereka voti kwa china. Ndimawamvetsa, komabe kukhala kwawo pakhomo ndiko kunakulitsa mtengo wa mpando uliwonse wa tizipani tating'ono. Gulu lachiwiri ndi la amene sangavote n'komwe chifukwa si nzika. Mmalawi wotchetcha kapinga ku Randburg kapena wosoka zovala ku Fordsburg amalipira msonkho pa zinthu zambiri zimene amagula, amamwa madzi a khonsolo, amayenda m'misewu yake, koma pa tsiku lovota alibe mawu. M'misonkhano ya kampeni amatchulidwa kawirikawiri, ngati vuto loyenera kuchotsedwa. Dziko lililonse lili ndi ufulu wosunga voti kuti ikhale ya nzika zake, ndipo nafenso timatero. Koma malamulo a moto salemba kuti chipata chitsegukire nzika zokha, ndipo 23 mwa akufa aja anali eni dziko.

Wina akhoza kunena kuti cholakwika ndi mgwirizano wa zipani, kuti zinali bwino pamene chipani chimodzi chinkalamula chokha. Ine sindikuvomereza. Nyumba za m'tauni ya Joni zinayamba kuwonongeka m'zaka za m'ma 1990, ndipo zambiri zinafika poipa pa nthawi imene ANC inali ndi mipando yokwanira kuchita chilichonse chimene ikanafuna. Ovota amene anagawa mavoti awo mu 2016 ndi mu 2021 anali ndi zifukwa. Makolo omwe aja anatinso mutu umodzi susenza denga, ndipo mzinda waukulu chonchi ndi denga lolemera. Miyambi iwiriyi siitsutsana. Osenza akhale ambiri, koma anthu adziwe amene akutsogolera, ndipo iyeyo asachoke denga lili m'malere. Chimene chinasowa ku Joni ndi mgwirizano wolembedwa, wodziwika kwa anthu, wonena ntchito zoti zigwiridwe, osati wongonena za amene atenge nthambi iti.

A ku South Africa akhala akukambirana zosintha malamulo. Mu 2024 boma linatulutsa maganizo oti chipani chizipeza kaye gawo limodzi pa 100 la mavoti chisanalandire mpando, oti migwirizano izilembedwa ndi kulengezedwa, ndi oti meya asamachotsedwe mwachisawawa asanathe zaka ziwiri. A ku Zambia anatenga njira ina. Kuyambira 2016, meya wa Lusaka, Ndola kapena Chipata amasankhidwa ndi anthu onse a mumzinda pa pepala lakelake, kwa zaka zisanu. Zimenezi sizinathetse kolera ku Kanyama kapena kusefukira kwa madzi m'makomboni a Lusaka, poti meya wopanda ndalama ndi mphamvu amakhalabe womangika manja. Koma munthu wa ku Lusaka amadziwa amene anamuvotera, ndipo amadziwa kuti amupeza pomwepo chaka chamawa. Ine ndimaona kuti chimenechi ndi chiyambi chabwino.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Tinasankha makhansala mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo tinakhala opanda makhansala mpaka 2014. Ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, mfumu ya mzinda imasankhidwa ndi anzake a m'khonsolo, kwa zaka ziwiri ndi theka. Mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo tsiku ndi tsiku amachokera ku boma lalikulu. Madzi ali ndi mabodi awo, magetsi ali ndi ESCOM, ndipo malo ambiri a m'tauni ali m'manja mwa unduna ndi mabungwe ena. Namondwe Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, funso loti ndani analola kuti anthu amange m'mphepete mwa phirimo linazungulira maofesi ambiri. Amene timaseka za ku Joni tiyambe tawerenga mitu ya kwathu, tione ngati ulipo umene tingaufunse n'kutiyankha.

Komabe kufupika kwa nthawi sikuchotsera munthu mlandu wonse. Motowo utachitika, khonsolo inanena kuti ikudziwa nyumba zoipa 188, ndipo 134 mwa izo zili pakati pa tauni. Kusamutsa anthu onse okhalamo ndi ntchito ya zaka, ndipo imafuna meya wokhalitsa. Koma kutumiza ozimitsa moto kuti akayendere nsanjika iliyonse, kudula maloko a pamakomo othawira, kuika zozimitsira moto m'makonde, kuchotsa milu ya zinyalala pamasitepe, kukhala pansi ndi okhalamo n'kugwirizana za amene azisunga kiyi wa chipata usiku, zimenezi sizifuna mipando 136 kapena chigamulo cha khoti. Malamulo ake alipo kale, ndipo ndi a khonsolo yomweyo. Meya wa miyezi itatu akanatha kuzilamula, ngakhalenso wa masiku 25.